Shuga wa mwana akungotsika, chiwindi nacho chatupa: mmene mungayendetsere zoyezetsa majini

Izi ndikulembera makolo amene mwana wawo shuga amangotsikatsika osadziwika chifukwa, madokotala ayeza apeza kuti insulini ndi wambiri mmagazi, kenako akuti chiwindinso sichili bwino, mwina chakula kapena ma enzyme ake akwera. Ziwirizi zikakumana mwa mwana mmodzi ndi bwino kuganizira za majini (ma gene, malangizo a mthupi amene mwana amatengera kwa makolo ake), koma zili ndi ndondomeko yake, mukayambira kumapeto mungotaya ndalama komanso nthawi imene ubongo wa mwana ukuvulala.

Insulini amapangidwa mu kapamba (pancreas), ntchito yake ndi kutsitsa shuga, ndiye shuga akatsika kapamba amayenera kusiya kaye. Pa matenda a congenital hyperinsulinism kapamba sasiya, zili ngati mpopi wokana kutseka. Choopsa chake nchakuti insulini yemweyo amaletsanso thupi kupanga ma ketone amene ubongo ukanagwiritsa ntchito shuga akasowa, ndiye ubongo umatsala opanda kalikonse. Mwana amalefuka, kukana bere, thukuta, kunjenjemera, mwina linjirinjiri. Mukaona zimenezi musadikire kuti kuche, thamangani kuchipatala mukanene kuti amuyeze shuga pompo.

Choyamba kwenikweni si DNA ayi, ndi magazi otengedwa pa nthawi imene shuga ali pansi, madokotala amati critical sample. Shuga akafika pansi pa 2.8 mmol/L, imene ndi 50 mg/dL pa timakina tina, atenge magazi asanakweze dripi ya shuga, ayeze insulini, C-peptide, ma ketone, lactate, cortisol ndi ammonia. Insulini akapezeka mmagazi shuga ali pansi chonchi, ma ketone nawo ali pansi, ndiye umboni umenewo. Insulini woyezedwa mwana atangoyamwa sakuuzani kanthu. Ndipo chonde izi musayesere kunyumba zomukhalitsa mwana ndi njala kuti shuga atsike, zimachitikira mu wodi anamwino ali pompo. Adokotala amaonanso kuchuluka kwa shuga amene mwana akufuna mu dripi, akamapitirira 8 mg/kg pa mphindi ndi chizindikiro china.

Kenako chotsani kaye zodziwika, maka kwathu kuno. Malungo amatsitsa shuga, kwinini nayenso amapangitsa kapamba kutulutsa insulini wambiri. Mwana wobadwa kwa mayi wa matenda a shuga amatha kukhala ndi vutoli masiku ochepa nkutha lokha, wobadwa wochepa sikelo kapena amene anabanika pobadwa zimamutengera masabata kapena miyezi koma zimathanso. Kumbali ya chiwindi ayeze hepatitis B ndi C, HIV, aone za matenda olowa mmagazi, kwa wamkuluko likodzo ndi mankhwala a TB. Ngati munampatsa mankhwala achikuda nenani basi osachita manyazi, adokotala akufunika adziwe. Komanso nthawi zina chiwindi chimakula chifukwa cha chithandizo chomwecho, shuga wambiri wa mu dripi amaunjikana mchiwindi, ndipo jakisoni wa octreotide, wochepetsa insulini, amatha kukweza ma enzyme. Ndiye funsani kuti chiwindi chinayamba liti kuvuta, mankhwala asanayambe kapena atayamba kale. Funso limeneli lokha limasintha zambiri.

Palinso matenda a glycogen storage disease amene amasokoneza anthu, mimba yaikulu chifukwa cha chiwindi, shuga kutsika, koma kumeneko insulini amakhala pansi. Mwaona chifukwa chake critical sample ija sitingaidumphe.

Mukudikira zonsezi gulani kakope. Lembani ola limene shuga watsika, nambala yake, anadya chani, panadutsa maola angati chidyereni. Ngati amatsika akangodya nyama, mazira kapena usipa lembani ndi zilembo zazikulu. Jambulani pa foni peji iliyonse ya buku la kuchipatala ndi zotsatira za ku labu chifukwa mapepala amasowa. Mukhalenso pansi ndi agogo mbali zonse ziwiri mufunse za ana amene anamwalira ali makanda osadziwika chifukwa, a khunyu, odwala shuga ali achinyamata, a vuto la impso, komanso ngati inu awirinu muli pachibale ngakhale chapatali. Ndi nkhani zowawa kufunsa koma a labu amazifuna pa fomu.

Tsopano pa kuyeza kwenikweni. Majini amene amapezeka kwambiri ndi ABCC8 ndi KCNJ11, onse ali pa chromosome 11, ndipo mwana amene mankhwala a diazoxide, ochepetsa insulini, sakumugwira amayenera kuyezedwa awiriwa mwachangu. Chifukwa chake nchachikulu. Ngati cholakwika chili chimodzi chochokera kwa bambo, kawirikawiri vuto limakhala pa kachigawo kakang'ono ka kapamba, amakapeza ndi sikani ya 18F-DOPA PET nkukadula, mwana nkuchiriratu. Ngati zolakwika zili ziwiri, china kwa mayi china kwa bambo, kapamba yense ndi wokhudzidwa ndipo chithandizo chake ndi china. Zipatala ngati Great Ormond Street ku London ndi Children's Hospital of Philadelphia zimapanga zimenezi.

Koma poti mwana wanu chiwindi nacho chikuvuta, musalole kuti ziime pa awiriwo. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa panel, mndandanda wa majini oyezedwa pamodzi, yaing'ono ikabwera kuti palibe kanthu anthu amangogwa ulesi pomwe jini loyenera silinayang'anidwe nkomwe. Funsani adokotala ngati mndandanda uli ndi MPI, PGM1, PMM2, HNF4A, HNF1A, GLUD1 ndi FAH. Mwana wa MPI amatsekula mmimba kosalekeza, kusanza, kutupa chifukwa mapuloteni akutayika, chiwindi kuuma, ndipo amathandizidwa ndi mannose wakumwa. Wa PGM1 nthawi zambiri amabadwa ndi mng'alu kumwamba kwa mkamwa kapena kamkolomiro kogawikana pawiri, adokotala akaunika ndi tochi amakaona, ameneyu amapatsidwa galactose. PMM2 ili ndi mtundu wina wobwera ndi timatumba ta madzi mu impso ndi mchiwindi, cholakwika chake chimakhala pa kachigawo koyatsa jinilo kotchedwa promoter, malo amene mayeso ena sayang'ana, ndiye a labu auzidwe za impsozo. Atatuwa palinso mayeso a magazi a transferrin amene amatha kulozera njira, koma pa mtundu wa promoter uja amaonetsa ngati zili bwino. GLUD1 ndi uja shuga amatsika akadya za mapuloteni, ammonia nkukhala wokwera, mwamwayi diazoxide amamugwira bwino. FAH ndi tyrosinaemia type 1, chiwindi chimawonongeka msanga, amayeza succinylacetone mu mkodzo ndipo mankhwala ake ndi nitisinone, apa kuchedwa kumapha.

Mwana akabadwa wamkulu kwambiri, lilime lalikulu lotulukira kunja, mchombo wotupa kapena matumbo ali kunja, mbali imodzi ya thupi yokulirapo, ganizirani Beckwith-Wiedemann. Imeneyi panel wamba saigwira, imafuna mayeso a methylation oona mmene majini ayatsidwira kapena azimitsidwira, ndipo magazi amatha kuonetsa kuti zili bwino matendawo alipo. Ana amenewa amawaunika mmimba ndi sikani miyezi 3 iliyonse mzaka zoyambirira chifukwa cha chiopsezo cha khansa ya chiwindi ndi ya impso.

Magazi ake si ambiri, kabotolo ka chivindikiro cha pepo kaja ka EDTA, ndipo atenge atatu, mwana, mayi ndi bambo womubereka weniweni. Abambo musazembe, popanda magazi anu nkovuta kudziwa ngati ndi kachigawo kapena kapamba yense. Ngati mwana anawonjezeredwa magazi posachedwa auzeni. Kumudzi kuno pemphani kalata yopita kwa dokotala wa ana ku chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, iwowo ndi amene angalumikizane ndi labu yakunja, kholo silitumiza lokha. Labu yodziwika kwambiri pa matendawa ili ku Exeter ku England, ndipo bungwe la Congenital Hyperinsulinism International limagwira nawo ntchito yothandiza mabanja amene sangakwanitse kulipira, ndiye auzeni adokotala afufuze kumeneko musanagulitse munda. Amene muli ku Britain zimadutsira kwa dokotala wa NHS. Ma DNA test ogula pa intaneti olavulira mkabotolo aja asiyeni, sanapangidwire zimenezi.

Zotsatira zimabwera mitundu itatu. Apeza cholakwika chotsimikizika, kapena apeza kusintha kumene sikunadziwike ngati kumadwalitsa, amalemba VUS, pamenepa asapange opaleshoni potengera icho chokha. Kapena sanapeze kanthu, zimene zimachitika kwa ana ambiri ndithu, ndipo sizitanthauza kuti mwana sakudwala, mankhwala apitirire, mufunse za exome kapena genome, mayeso oyang'ana pafupifupi majini onse, komanso kuti adzayang'anenso pakapita zaka. Ngati nonse awiri muli ndi jinilo, mimba iliyonse ili ndi mpata 1 mwa 4 woti mwana adwale, ndiye wotsatira ayezedwe shuga akangobadwa. Ndipo apongozi amve bwino, palibe wolodza, palibenso zoti matenda abwera ndi mkamwini kapena mtengwa, munthu amatha kukhala nalo jinilo moyo wake wonse ali bwinobwino.

Kwa akuluakulu nkhani imatembenuka. Insulini wambiri, shuga wokwera, chiwindi cha mafuta ndi khungu lakuda lokhuthala pakhosi ndi mkhwapa nthawi zambiri ndi kunenepa basi, sizifuna DNA. Koma munthu ali wowonda, miyendo ndi mikono yopanda mafuta mitsempha ikuonekera, mafuta a mmagazi otchedwa triglyceride ali mmwamba, afunse za lipodystrophy, matenda osowa mafuta a pansi pa khungu, majini ake ndi monga LMNA, PPARG, AGPAT2 ndi BSCL2. Anenenso ngati anamwapo ma ARV akale ngati stavudine, chifukwa nawo ankasintha mafuta a mthupi chimodzimodzi. Wamkulu amene shuga wake akutsika insulini ali mmwamba, amayamba awona kaye mankhwala a shuga amene akumwa ndi chotupa cha mu kapamba chotchedwa insulinoma, za majini zimabwera pambuyo.