Zoyenera Kuchita Pakhomo Mvula ya Matalala Ikagwa mu Harare

Mu Harare matalala amakonda kugwa ndi mvula yoyamba, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, makamaka masana kapena chakumadzulo tsiku likakhala lotentha kwambiri. Mpweya wotentha umakwera mwamphamvu n'kunyamula madontho a madzi kukafika kumwamba kozizira kumene amaundana, ndipo amakulirakulira mpaka mphepo italephera kuwanyamula. Popeza mzindawu uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, matalala ambiri amafika pansi asanasungunuke. Sachedwa kutha, koma sapatsanso munthu mpata wokonzekera, choncho ntchito yaikulu iyenera kugwiridwa kumwamba kusanade.

Yambani ndi denga mwezi wa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Nyumba zambiri zakale za ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara zinafoleredwa ndi asibesitosi, amene akakalamba amafewa moti talala lalikulu limatha kuwaboola. Yang'anani ming'alu muli m'kati mwa nyumba masana, pamene kuwala kumaonekera pamalo obooka. Ngati denga ndi lamalata, khomererani misomali yogwedera, chifukwa matalala amabwera ndi chimphepo, ndipo miyala kapena matayala amene ena amasanjika pamwamba amasanduka choopsa mphepo ikawagwetsa. Chotsaninso masamba m'mipope yapadenga ndi m'ngalande zapabwalo. Anthu ambiri amanyozera zimenezi, komatu matalala akasakanikirana ndi maluwa a jakaranda amene amayoyoka nyengo yomweyi amatseka njira ya madzi, ndipo madziwo amabwerera n'kulowa m'nyumba ngakhale denga lili labwinobwino. Nthambi zouma zimene zalendewera pamwamba pa nyumba zidulidwe. Ndi bwinonso kumatsatira machenjezo a nthambi ya boma yoona zanyengo ya Meteorological Services Department pa wailesi, ngakhale kuti sangakuuzeni msewu weniweni umene matalala adzagwere.

Mukaona mtambo wakuda bii wokwera ngati chulu, mphepo yozizira itayamba kuomba mwadzidzidzi, itanani ana onse alowe m'nyumba, kenako tsekerani nkhuku, akalulu ndi agalu. Galimoto ilowetsedwe m'galaja kapena pansi pa shedi. Ngati mulibe, phimbani galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo ndi mabulangete okhuthala kapena makatoni, n'kuwapanikiza ndi zitseko kuti asauluke. Musaiimike pansi pa mtengo. Mbande zimene zili pa nazale mukhoza kuzivundikira ndi mabeseni kapena makreti. Zonsezi ndi za munthu amene waona mtambo nthawi ikadalipo. Matalala akangoyamba kugwa, zovala zapachingwe ndi china chilichonse chotsala panja chisiyeni, chifukwa bala lapamutu ndi lodula kuposa zonsezo.

Muli m'nyumba, tsekani mawindo ndi kukoka makatani kuti galasi likasweka zidutswa zisamwazike, ndipo banja lonse likhale m'chipinda chapakati kapena pakhonde lam'kati, kutali ndi mawindo a mbali imene mphepo ikuchokera. Phokoso la matalala pamalata limaopsa ana ndi okalamba, choncho khalani nawo pafupi ndi kuwauza kuti lisiya posachedwa. Denga likayamba kubooka, ana alowe pansi pa tebulo lolimba kapena afunde matiresi kumutu. Zulani wailesi yakanema, furiji ndi machaja pakhoma, ndipo wina asasambe kapena kutsuka mbale pampopi mpaka mabingu atasiya. Mphezi siyochita nayo masewera m'dziko muno la Zimbabwe: mu Disembala 1975 mphezi imodzi inapha anthu 21 m'nyumba imodzi kufupi ndi Mutare. Madzi akayamba kudontha pafupi ndi mababu kapena mawaya, zimitsani magetsi pa switch yaikulu ndi manja ouma, ngakhale itakhala nthawi imene a kampani ya magetsi ya ZESA azimitsa kale, popeza amatha kuyatsa nthawi ina iliyonse.

Mvula ikasiya musathamangire kutuluka. Dikirani mphindi 30 kuchokera pamene mwamva bingu lomaliza, ndipo potuluka valani nsapato zolimba chifukwa cha magalasi ndi kuterera. Waya wamagetsi wogwa pansi musauyandikire kapena kuusuntha ndi mtengo. Letsani ana ndipo dziwitsani a ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi.

Padenga ndi pamalo oopsa kwambiri. Asibesitosi wonyowa ndi wong'ambika sapondedwa, amangothyoka munthu n'kugwera m'kati. Ngati pakufunika kutseka pobooka usiku usanafike, imani pamakwerero wina atakugwirirani, n'kuyala pulasitiki wokhuthala, ndipo zokonza zenizeni zidikire mmisiri. Zidutswa za asibesitosi zinyowetseni musanazitole, muzikulunge m'pulasitiki, ndipo musaziswe kapena kuzisesa zili zouma, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Amene muli ndi sola dziwani kuti mapanelo abwino amayesedwa ndi matalala a mamilimita 25, koma aakulu kuposa pamenepo akhoza kuwaswa, ndipo panelo losweka limapangabe magetsi dzuwa likawala. Zimitsani inverter (kachipangizo kosintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba) ndi switch yochokera kumapanelo, musakhudze panelo loswekalo, ndipo itanani amene anakuikirani.

Musanakonze chilichonse, jambulani zonse zowonongeka ndi foni, kuphatikizapo talala limodzi mutaliika pafupi ndi khobidi kuti kukula kwake kuoneke. Zithunzizo n'zimene a inshuwalansi amafuna, ndipo kwa amene mumachita lendi zimachepetsa mkangano ndi eni nyumba pa nkhani ya amene alipire.

Kudimba musafulumire kuzula. Chimanga chimene chisanapitirire masamba 6 chimaphukanso ngakhale masamba atang'ambika, chifukwa mtima wake umakhala ukadali pansi pa nthaka, choncho dikirani pafupifupi sabata musanaganize zobzalanso. Repu ndi kovo (ndiwo zamasamba zofanana ndi repu) muzisadze masamba ophwanyika, ndipo tomato wovulala muthyole asanaole n'kupatsira anzake matenda. Amene mumamwa madzi a pachitsime, ngati ku Epworth ndi ku Hopley, kumbukirani kuti madzi othamanga amakokolola zonyansa za m'masuweji ophulika n'kuzilowetsa m'zitsime zosatseka bwino. Kolera wa mu 2018 anayambira ku Glen View ndi Budiriro kudzera m'madzi oipitsidwa, choncho kwa masiku otsatira madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini.