Ma drive amangosowa pa Modbus, nazi zomwe ndinachita

Ku fakitale ya tiyi komwe ndimagwira ntchito kuno ku Thyolo mafani a ku withering (kofotetsera masamba) amayendetsedwa ndi ma VFD (ma drive owongolera spidi ya mota), onse amalankhulana ndi PLC (kompyuta yoyendetsa makina) pa Modbus RTU (njira yotumizirana data), waya wake RS-485. Ndiye fani ikangokwera spidi ma drive akumapeto kwa mzere amasowa pa sikirini, timeout basi, kenako n'kubwerera okha, pomwe nyengo ya mvula ino masamba akungobwera matrakitala motsatizana, simungaimitse kanthu.

Ma adiresi palibe ofanana, baud rate (spidi ya data) onse 9600, parity (yochekera zolakwika mu data) chimodzimodzi. Ndinazimitsa magetsi n'kuyeza ndi multimeter pakati pa mawaya awiri a data, A ndi B, inawerenga cha m'ma 120 ohms pomwe imafunika 60, poti resistor ya 120 imakhala mbali zonse ziwiri za waya. Drive yomaliza inalibe, ndinaikapo.

Zinachepa koma osatheratu. Nditalondola waya uja ndinapeza wadutsa mu tray imodzi ndi makebulo a mota, zosafunika olo pang'ono, noise (chisokonezo cha magetsi) ya VFD si yamasewera abale. Tinamuchotsamo n'kumudutsitsa payekha, shield (chokutira chachitsulo cha wayayo) tinamangira ku earth mbali ya panelo yokha. Pano ma drive onse akuyankha bhobho ngakhale mafani atakwera spidi mpaka 50 Hz.