Kuumba mnyamata wosewera pakati: zomwe ndatolako kwa Petar Sučić

Loweruka lililonse m'mawa mundipeza pa bwalo lina lafumbi ku Ndirande, ndili ndi gulu la anyamata ndi mipira itatu, umodzi woti tiziupopa kawiri tisanaweruke. Makochi anzanga ndi makolo amakonda kundifunsa kuti mwana wosewera pakati timamuumba bwanji. Kale ndinkangotchula Luka Modrić, katswiri wapakati wa ku Croatia, koma ana a lero amamuona ngati agogo awo. Masiku ano ndimatchula Petar Sučić, mnyamata wa ku Croatia wobadwa mu 2003, amene mu 2025 anachoka ku timu yakwawo ya Dinamo Zagreb n'kupita ku Inter Milan ya ku Italy. Dziko lawolo anthu sakwana 4 miliyoni, koma linafika mu fainolo ya World Cup mu 2018, n'kudzakhalanso lachitatu mu 2022, ndipo maulendo onse awiriwa mphamvu yawo inali pakati.

Yambani ndi khosi, miyendo ibwera pambuyo. Mukamuonetsetsa Sučić mpira uli kwa mnzake, muona mutu wake sukhazikika: acheukira uku, acheukira uko, ndiye mpira ukamamupeza amakhala atadziwa kale koupititsa. Ana athu ambiri amaupenyetsetsa mpira ngati nsima ili pamoto, ukafika ndi pamene amadzutsa mutu, apo n'kuti mdani ali kale pamsana.

Chimene ndimachita ndi ichi. Ndimaika mnyamata pakati, mnzake kutsogolo kwake atagwira mpira, ine ndimaima kumbuyo. Mpira ukangochoka kwa mnzakeyo ndimakweza zala, ziwiri kapena zinayi, ndipo wapakatiyo ayenera kucheuka, kutchula nambala mokweza, kenako kulandira. Akatchula atalandira kale, sitiwerengera. Sabata yoyamba zimakhala zoseketsa: wina amacheuka bwinobwino mpira n'kumudutsa pakati pa miyendo, wina amangolota nambala, "zitatu, kochi!" ine nditakweza chibakera. Musakalipe. Pakatha mwezi onjezani wachinayi woti azimuthamangira kuchokera kumbuyo, ndipo nambala ija isinthe tanthauzo: ziwiri akhotere kumanzere, zinayi abweze kumene mpira wachokera. Mphindi khumi tsiku lililonse la treningi zimakwana, bola osadumphitsa.

Kenako kaimidwe. Asalandire mpira atafulatira golo la adani kotheratu. Aime chammbali, phewa limodzi kuloza kumene mpira ukuchokera, ndipo aulandire ndi mwendo wakutali kuti kukhudza koyamba kumutsegulire bwalo. Mwendo wofookawo aupatse khoma: khoma la tchalitchi, la sukulu, ngakhale la bafa kunyumba ngati amayi ake alola. Za bwalo lokumbikakumbika musadandaule nazo kwambiri. Mwana wozolowera mpira wodumpha pa miyala ya ku Ndirande, kapena chikulunga cha majumbo, akadzaponda pa Kamuzu Stadium amaona ngati mpira ukumumvera wokha.

Njomba ndimaziletsa pang'ono, osati kuzithetsa. Pa masewero a anayi anayi ndimalamula kukhudza kawiri basi, koma mphindi zomalizira ndimawamasula kuti adyetsane njomba mmene angafunire. Mukawamana zimenezi, Loweruka linalo theka sabwera.

Wochepa thupi musamutaye. Modrić ali mwana anakayesedwa ku timu ya ku Croatia ya Hajduk Split ndipo sanamutenge poona kuchepa kwake, koma ndi yemweyo anadzatenga Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana onse pa dziko lapansi, mu 2018. Ifenso timalakwa pomwepa, chifukwa mnyamata amene wakula msanga amatipambanitsa masewero a lero, ndiye kamnzake koonda kamangotola mipira kuseri kwa golo. Pamene pali mtsutso wa zaka, funsani kalata ya kubadwa ndipo muisunge bwino. Kumuchotsera mwana zaka zitatu kumakometsa chaka chimodzi chokha, kenako mumapezeka mukuphunzitsa bambo zinthu za mwana.

Tsopano nkhani imene imandiwawa, yomwenso yandichititsa kulemba zonsezi. Mnyamata akafika zaka 17 kapena 18, chimene akufunika ndi kusewera mphindi 90 ndi akuluakulu sabata ndi sabata, osati yunifomu ya timu yotchuka. Taonani njira ya Sučić. Dinamo itamutenga sinamusunge pa benchi ku bwalo lake la Maksimir. Inamupereka pa ngongole ku Zrinjski Mostar ya ku Bosnia ndi Herzegovina, kumene anasewera mu 2022/23, chaka chimene timuyo inatenga ligi. Atabwerera ku Zagreb anali atakhwima, analowa mu timu yoyamba, anasewera Champions League, timu ya dziko inamuitana, kenako Inter inabwera. Chodabwitsa n'chakuti Modrić anadutsa khomo lomwelo zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo: mu 2003 Dinamo inamutumiza ku Zrinjski komweko, mu ligi yodziwika ndi kuchekana miyendo, kenako ku timu ina ya ku Croatia, Inter Zaprešić. Ku Tottenham anapita mu 2008 ali ndi zaka 22. Martin Baturina, mnzake wa Sučić wobadwanso mu 2003, anakhala ku Dinamo akusewera nyengo zingapo zathunthu asanapite ku Como ya ku Italy mu 2025, nayenso ali ndi zaka 22.

Ine ndinali ndi mnyamata wanga wa ku Makata, wamanzere, khosi ngati la kadzidzi. Timu ina yayikulu itamufuna, bambo ake anabwera kunyumba madzulo, chipewa m'manja. "Akochi, mwayi sugogoda kawiri, musamutsekereze mwanayu." Kunena zoona nanenso ndinkafuna kudzatchulidwa kuti ndine ndinamutulukira, ndiye sindinalimbe. Anasaina. Zaka ziwiri anangokhalira kunyamula mabotolo a madzi, kulowa mphindi zisanu timu ikamapambana kale. Nditakumana naye ku Ginnery Corner anali atanenepa, jombo atagulitsa. Mpaka lero ndikamuona ndimayang'ana kumbali.

Choncho wina akabwera ndi pepala, musayambe ndi kufunsa ndalama. Funsani kuti pamalo pa mwanayo pakusewera ndani panopa, ali ndi zaka zingati, ndipo ngati mwanayo sakulowa pakatha theka la nyengo, adzamulola kupita pa ngongole? Yankho lilembedwe pa pepala lomwelo, ndipo wina wodziwa kuwerenga Chingerezi cha makontrakiti aliwerenge musanadinde chala. Aliyense kuno amalota Maule kapena Manoma, ndipo palibe cholakwika, koma timu ya ligi ya chigawo cha kummwera yomwe imuseweretse Lamlungu lililonse, akumenyedwa zigongono ndi anthu a ndevu, ingamukonzekeretse bwino kudzavala yofiira kapena yabuluu ija osaichita manyazi.

Chomaliza ndi kaoneredwe ka mpira. Inter ikamasewera ndimatenga anyamata atatu kapena anayi kupita nawo ku shoo ya vidiyo pafupi ndi msika, ndalama yolowera ndimalipira ndine. Lamulo ndi limodzi: kwa mphindi 15 asatsate mpira, atsate munthu mmodzi wapakati, kaya Sučić, kaya Barella, ndipo awerenge kuti wacheuka kangati asanalandire. Kanema saonetsa zonse, koma zimene amaonetsazo zimakwana. Ulendo wapitawu magetsi anazima chigawo choyamba chisanathe, mwini shoo akulimbana ndi jenereta, anthu akutukwana mumdima. Kamnyamata kanga kamodzi kanandikoka shati n'kunong'ona kuti, "Kochi, ine ndinafika pa 11, uyu akuti 9, koma amaphethira."