Mchimwene wanu anadzipha, amayi sakugona: muyambire apa

Achemwali, mwafunsa kuti muwathandize bwanji amayi chimwalirireni mchimwene wanu, amene anadzipha mwezi watha. Pepani kwambiri.

Choyamba, musawasiye okha, makamaka pano pamene anthu a pamaliro abalalika. Gawanani masiku ndi abale komanso amayi a kumpingo, wina azigona nawo, wina aziwaphikira. Akamafunsa kuti "ndinalakwa chiyani?", musathamangire kuwatsutsa, mverani basi. Zolozana chala kuti pali ufiti zilekeni, zimangowonjezera bala. Kudzipha sikubwera ndi chifukwa chimodzi.

Kenako yang'anirani zizindikiro: kusadya, kusagona kwa masabata angapo, kudzipatula, kapena mawu oti "bola ndimutsatire". Mukamva zoterozo, afunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuwapatsa maganizowo ayi. Chotsani mankhwala ndi zinthu zina zoopsa m'nyumba, ndipo tsiku lomwelo pitani nawo ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe, komwe kuli gawo la matenda a maganizo, kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God.

Ana a malemu auzeni zoona mwachidule, asakazimvere kusukulu. Inunso mukaonane ndi mlangizi, poti achibale a munthu wodzipha nawonso amakhala pachiopsezo.