Mmene mungafananitsire Chifalansa ndi Chiuzbek mutaika Chichewa pakati

Ndimathandiza ana a fomu 3 ndi fomu 4 pa Chifalansa madzulo kuno ku Chibavi, ndipo akafika potopa ndi malamulo ake ndimawabweretsera Chiuzbek kuti aone kuti dongosolo la Chifalansa ndi limodzi chabe mwa madongosolo ambiri a zilankhulo. Njira yake ndi yosavuta, inunso mukhoza kuiyesa panyumba. Chofunika ndi kope, cholembera ndi foni yoti muzimverapo mawu. Tsamba lililonse muligawe patatu: Chifalansa kumanzere, Chiuzbek kumanja, Chichewa pakati. Musadzere m'Chingerezi, chifukwa chimabisa zinthu zomwe khutu la Mchewa kapena la Mtumbuka limagwira msanga.

Dziwani kaye kuti ziwirizi si zachibale. Chifalansa chinachokera ku Chilatini, abale ake ndi Chipwitikizi ndi Chitaliyana. Chiuzbek chili m'banja limodzi ndi chilankhulo cha ku Turkey, ndipo anthu oposa 30 miliyoni amachilankhula ku Uzbekistan, dziko la pakati pa Asia, m'mizinda monga Tashkent, Samarkand ndi Bukhara, komanso kumpoto kwa Afghanistan. Mukapeza mawu ofanana ndi a Chifalansa ngati restoran ndi bilet m'Chiuzbek, amenewo ndi obwereka, anadzera m'Chirasha. Choncho musataye nthawi kusaka mawu ofanana. Fananitsani kamangidwe.

Yambani ndi chiganizo chachifupi. Pakati lembani "Mwana analemba kalata." Kumanzere kukhale "L'enfant a écrit une lettre", kumanja "Bola xat yozdi." Dulani mzere kunsi kwa mneni. Chifalansa chayenda ngati ife, mneni ali pakati. Chiuzbek chati mwana, kalata, analemba, ndipo chiganizo chitalike bwanji, mneni amadikira kumapeto. Onaninso kuti une ndi l' alibe anzawo m'magawo awiri enawo.

Tsamba lachiwiri ndi lomwe ndimalikonda kwambiri, ndipo apa musafulumire. Tengani mneni mmodzi n'kumuduladula. "Sindinabwere" ndi si-ndi-na-bwere. M'Chiuzbek ndi kelmadim: kel ndiye kubwera, ma ndiye kukana, di ndiye nthawi yakale, m ndiye ine. Zidutswa zinayi kuno, zinayi uko, kusiyana kwake n'koti ife timaphatikira koyambirira kwa tsinde pamene iwo amaphatikira kumapeto. Chifalansa chimamwaza zonsezi m'mawu asanu, "je ne suis pas venu", ndipo wolankhulayo akakhala wamkazi polemba mumawonjezera e.

Pitirizani ndi misintho ya aneni ija munaphunzira m'kalasi la Chichewa. Lemba, lembetsa, lembedwa. Chiuzbek chimati yoz, yozdir, yozil. Ona, onana, iwo amati koʻr, koʻrish. Apa ndiye ngakhale mbali yophatikirako ndi yomweyo, kumapeto kwa tsinde. Mfalansa amachita kubwereka mawu ena: faire écrire, être écrit, se voir. Mwana wa kuno amene amalephera kumvetsa faire ameneyu, mukangomuonetsa kuti ntchito yake ndi ya -etsa, amagwira pomwepo. Ndimamva chisoni ndikaona ana akudziona ngati mbuli pa zilankhulo za kunja chonsecho m'kamwa mwawo muli kale zida zonsezi.

Kasonyezedwe ka malo nakonso n'chimodzimodzi. Nyumba ndi uy. Uyda ndiye m'nyumba, uyga ndiye kulowera kunyumba, uydan ndiye kuchokera kunyumba. Yesani kudula uylarimizda: uy-lar-imiz-da, kutanthauza m'nyumba zathu, pomwe Chifalansa chimati dans nos maisons.

Tsamba lachitatu zinthu zimatembenuka, Chifalansa ndiye chimayandikira kwathu. Timati nyumba yaikulu koma buku lalikulu, chifukwa mfotokozi amatsata gulu la dzina. Iwonso amati la grande maison koma le grand livre, kungoti magulu awo ndi awiri okha, lachimuna ndi lachikazi, ndipo mathero a dzina sakuuzani nthawi zonse gulu lake. N'chifukwa chake dzina la Chifalansa muziliroweza pamodzi ndi le kapena la wake. Chiuzbek sichisamala zimenezi: katta uy, katta kitob, katta osasintha. Ndiponso mlowam'malo u amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, monga iye wathu, pamene Mfalansa ayenera kusankha il kapena elle.

Za ulemu sizivuta. Iwe ndi inu, tu ndi vous, sen ndi siz. Munthu wachilendo kapena wamkulu ndi vous kapena siz basi, ndipo Auzbek amawonjezera aka pa dzina la mwamuna wamkulu kwa iwo ndi opa pa la mkazi.

Pomaliza tengani foni. Mvetserani il parle ndi ils parlent: polemba n'zosiyana, potchula n'chimodzi. Kalembedwe ka Chifalansa kanasunga zilembo zambiri zomwe zinasiya kutchulidwa kalekale, ndipo bungwe la Académie française lakhala likukayang'anira kuyambira 1635. Chiuzbek chimalembedwa pafupifupi mmene chimatchulidwira, koma vuto lake ndi lina. Chinkalembedwa m'zilembo za Chiarabu, kenako za Chilatini, mu 1940 chinalowa m'zilembo za Chirasha, ndipo mu 1993, dzikolo litaima palokha mu 1991, boma linakhazikitsa lamulo lobwerera ku za Chilatini. Mpaka lero zilembo za Chirasha ndi za Chilatini zonse zikugwiritsidwa ntchito, ndiye pa intaneti mudzapeza zolemba zomwe simungathe kuziwerenga. Inu sankhani za Chilatini, ndipo mulimbikire q, x ndi gʻ, zomwe zimachokera kukhosi.

Pa chinthu chimodzi Chifalansa ndi Chiuzbek zimagwirizana motisiya ife. Timatalikitsa phatikizo lotsatana ndi lomaliza, monga mumvera mukatchula Mzuzu kapena Luwinga. Iwo mphamvu amaiika kawirikawiri pa lomaliza lenilenilo. Dzijambuleni mawu mukutchula kitob ndi maison, muyerekeze ndi mwini chilankhulo, ndipo pewani kuwonjezera i kapena u kumapeto, chizolowezi chomwe tonsefe timakhala nacho tikakumana ndi mawu othera pa konsonanti.