Momwe mungayambitsire mkombaphala m'mudzi mwanu

Ambiri akhala akundifunsa pa WhatsApp momwe tinayambira sukulu yathu ya mmera mpoyamba kuno cha ku Thondwe. Ndineneretu maganizo anga: mwana wa zaka 3 mpaka 5 ntchito yake ndi kudya ndi kusewera. Makope ndi mayeso akazipeza ku Sitandade 1 akakwanitsa zaka 6.

Yambani ndi amfumu. Iwo ndi amene angakupatseni malo ndi kuitanitsa makolo. Pamsonkhanopo sankhani komiti, ndipo msungichuma akhale mayi amene anthu amamuopa pang'ono. Kenako kalembetseni ku ofesi ya Social Welfare ku boma, mufunsenso za maphunziro a alezi. Chimbudzi ndi mpondagiya zikhalepo ana asanabwere, chifukwa alangizi a zaumoyo akafika amayambira pomwepo.

Tsopano phala, pamene ine ndinagwa napo. Muyeso ndi wa Likuni Phala uja: chimanga zigawo zinayi, soya chigawo chimodzi. Chaka choyamba ndinagula soya kwa venda wina pamsika mu Januwale, mtengo utakwera kale, ndipo ndowa yake inali yoponderezedwa pansi moti kunyumba inaperewera. Chifukwa chofulumira ndinangosakaniza ndi chimanga n'kupita kuchigayo osakazinga. Phala lake linkanunkha chiwisi. Ana ankangoyika sipuni pakamwa n'kukankha kapu, ndipo amene anadya anatupa mimba. Lachitatu panabwera ana asanu ndi mmodzi okha. Agogo ena anandiimitsa panjira, ati, "Aphunzitsi, mukuwadyetsa chiyani adzukulu athu?" Ndinasowa choyankha.

Ndiye chitani chonchi. Gulani soya nthawi yokolola, cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo tengani ndowa yanu. Lumani njere imodzi: youma bwino imalira "khe", yachinyezi imangofwanyika. Sankhani miyala ndi zowola. Kazingani m'chiwaya pamoto wochepa, mukutakasa osaleka, mpaka afiirire pang'ono ndi kununkhira ngati mtedza. Akada, phala liwawa. Aphuleni azizire, pukusani, petani makoko, kenako n'kusakaniza ndi chimanga. Gayitsani wa masabata awiri okha, chifukwa ufa wa soya suchedwa kusasa, ndipo sungani mu ndowa yovindikira. Mukafuna kuthira nsinjiro, mtedza wachuku tayani, musaumvere chisoni. Phala liperekedwe cha m'ma 9 koloko. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'phiri la Zomba, ine ndimafulumizako.

Zoseweretsa musagule. Zidole zapulasitiki za m'tauni zimathyoka sabata isanathe. Zitsekerero za mabotolo zowerengera, zitsononkho zomangira nyumba, dongo loumbira ng'ombe, mpira wachikulunga, basi. Mwana amene akugawira anzake zitsekerero zitatuzitatu akuchita masamu, ngakhale bambo ake adandaule kuti sanabwere ndi kope. Adzadandaula ndithu, ena adzafuna Chingerezi tsiku loyamba. Aitaneni adzakhale pamphasa m'mawa umodzi, aone okha.

Zotsalazo n'zodziwika. Nyimbo polowa, nthano ya "padangotero" akatha kudya, kusamba m'manja, kaundula wa mayina. Chikwapu chisapezeke pamalopo. Aweruke 11 koloko dzuwa lisanawawe, ndipo makolo azisinthana kubweretsa nkhuni.