Njira Zosankhira Mwachilungamo Anthu Oyenera Kulowa M'nyumba Zotsika Mtengo

Paliponse pamene boma, khonsolo kapena bungwe lamanga nyumba zotsika mtengo, ofunsira amachuluka kwambiri kuposa nyumbazo, ndipo komiti yosankha imakakamizika kubweza mabanja ambiri amene nawonso akusowadi pokhala. Popeza obwezedwa adzakhala ochuluka nthawi zonse, njira yosankhira iyenera kukhala yoti ngakhale munthu amene sanapeze nyumba athe kuilondoloza kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto n'kukhutira kuti sanaponderezedwe.

Ntchito yoyamba ndiyo kulemba malamulo onse ndi kuwalengeza fomu ngakhale imodzi isanalandiridwe, chifukwa malamulo olembedwa komiti itaona kale maina a ofunsira amapindikira kwa anthu amene ikuwadziwa. Fotokozani ndalama zimene banja liyenera kumapeza kuti liyenerere, kuchuluka kwa anthu ololedwa m'nyumba ya zipinda zakutizakuti, ndiponso ngati munthu amene ali kale ndi nyumba yakeyake angafunsire. M'maiko angapo, makamaka ku United States, nyumba imayesedwa yotsika mtengo ngati banja silikuwonongerapo zoposa 30 peresenti ya ndalama zimene limapeza, ndipo muyezo umenewu ungathandize poika malire. Samalani pa nkhani ya umboni wa ndalama. Mukaumirira chikalata cha malipiro chochokera kwa olemba ntchito, mudzatsekera kunja ochita malonda ang'onoang'ono ndi odalira maganyu, amene kawirikawiri ndiwo osowa kwambiri, choncho lolani umboni wa mitundu ingapo ndipo muutchule wonse m'malamulowo. Lembaninso zinthu zimene komiti siloledwa kuyang'ana. Lamulo la Fair Housing Act la 1968 ku United States linaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo kapena dziko limene anachokera. Mu 1974 anawonjezerapo kusala chifukwa chakuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mu 1988 anawonjezera ulumali ndi kukhala ndi ana m'banja.

Kulengeza nakonso kumasankha anthu mwakachetechete. Uthenga woikidwa pa intaneti pokha, kapena wokhala masiku atatu okha, umafika kwa anthu ochepa amene ali pafupi ndi ofesi. Perekani masabata angapo, lengezani m'zilankhulo zimene anthu a m'deralo amalankhula, landirani mafomu apapepala limodzi ndi apakompyuta, ndipo pakhale wothandiza amene sangathe kulemba kapena kuona. Aliyense wopereka fomu alandire risiti yokhala ndi nambala yake, ndipo banja limodzi lifunsire kamodzi kokha.

Tsopano pakubwera funso lalikulu, lakuti ndani atsogole pakati pa oyenerera. Njira zodziwika ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi chilema chake. Yoyamba ndi ya mzere, yakuti wofika msanga ndiye woyamba kulandira. Imamveka mosavuta, koma pa tsiku lotsegulira imakomera amene ali ndi nthawi yogona pakhomo la ofesi kapena intaneti yothamanga, pamene mayi wodwazika mwana kapena munthu woyenda pa njinga ya olumala amatsalira. Mzere ukatalika umabala vuto lina: ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, anthu amadikira zaka zambiri pa mndandanda wa nyumba za lendi, kotero kuti amene analembetsa kalekale, ngakhale akukhala bwino, amapambana banja limene lathamangitsidwa m'nyumba dzulo.

Njira yachiwiri ndi yoyeza kukula kwa vuto la banja. Ku England, lamulo la Housing Act la 1996 limalamula makhonsolo kuti aziganizira mwapadera anthu opanda pokhala, okhala mothithikana kapena m'nyumba zowononga thanzi, ndiponso oyenera kusamuka chifukwa cha matenda kapena ulumali. Makhonsolo ena amapereka mapointi, ena amaika ofunsira m'magulu atatu kapena anayi. Ine ndimaona kuti magulu ndiwo abwino. Mapointi amaoneka ngati masamu osakondera, koma palibe amene angaonetse moona kuti banja la mapointi 62 likuvutika kuposa la mapointi 61, ndipo paliponse pamene kalaliki ali ndi mphamvu yowonjezera pointi imodzi mwa kufuna kwake, mpamene chiphuphu chimalowera. Gulu lililonse likhale ndi chizindikiro chotheka kutsimikizira, monga kalata ya dokotala, chikalata cha khoti cholamula banja kutuluka m'nyumba, kapena lipoti la woyendera nyumba amene anafikadi pamalopo.

Njira yachitatu ndi maere. Mzinda wa New York umagawa nyumba zake zotsika mtengo kudzera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Housing Connect, pamene ofunsira onse opereka mafomu nthawi isanathe amapatsidwa manambala mwamaere, mosatengera tsiku limene anafunsira. Ku Singapore, kumene anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba za bungwe la Housing and Development Board lomwe linakhazikitsidwa mu 1960, kompyuta ndiyo imachita maere a nyumba zatsopano, koma ofunsira koyamba amapatsidwa mwayi wokulirapo. Maere sadziwa m'bale wa aliyense, komanso sadziwa amene akugona panja. N'chifukwa chake njira yolimba kwambiri ndi yophatikiza ziwirizi: kukula kwa vuto kugawe anthu m'magulu, gulu lililonse lipatsidwe nyumba zake zolengezedweratu, kenako maere asankhe pakati pa anthu ofanana a m'gulu limodzi. Amene walephera maulendo angapo angathe kuwonjezeredwa mwayi pa ulendo wotsatira, kuti kudikira kwake kusapite pachabe.

Maerewo ayenera kuchitika mwa njira yoti wina aliyense angawatsimikizire. Mu 2022 akuluakulu a mzinda wa Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia, anathetsa zotsatira za maere a nyumba za boma atapeza kuti zimene zinali mu kompyuta zinasokonezedwa mwachinyengo, ndipo mabanja amene anali atakondwera kale anabwerera pa mndandanda. Kuti zotere zisachitike, tsekani mndandanda tsiku la maere lisanafike, mulengeze manambala onse amene alowa kuti aliyense aone ngati yake ilipo, ndipo mupereke masiku okonzera zolakwika. Kope la mndandanda wotsekedwawo lisungidwe ndi munthu wosakhala wa komiti, monga wowerengera ndalama woima payekha. Pa tsikulo pakhale oimira ofunsira ndi mboni zina, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta, pulogalamuyo iunikidwe ndi akatswiri akunja isanagwire ntchito. Musalekeze potulutsa manambala a opambana okha. Tulutsani onse mpaka yomaliza, chifukwa ena mwa opambana adzalephera kuonetsa umboni kapena adzakana nyumba, ndipo malo awo ayenera kupita kwa wotsatira pa mndandanda. Pa malo otsala ngati amenewa mpamene abale a akuluakulu amalowetsedwa anthu atabalalika.

Kusungira magulu ena nyumba n'koyenera ngati chifukwa chake n'chomveka. New York imapatula 5 peresenti ya nyumba kwa anthu ovutika kuyenda ndi 2 peresenti kwa ovutika kuona kapena kumva. Chofunika kuchiganizira mofatsa ndi mwayi wapadera wa anthu okhala kale m'deralo. Kwa zaka zambiri mzinda womwewu unkasungira anthu a m'dera theka la nyumba, koma ena anakasuma kuti zimenezi zikulimbikitsa kukhala mosankhana mitundu, ndipo mu 2024 mzindawo unavomera kutsitsa gawolo kufika pa 20 peresenti, n'kudzalitsitsanso m'tsogolo kufika pa 15.

Membala wa komiti amene m'bale wake, mnzake kapena wantchito wake wafunsira alembe zimenezo poyera ndipo atuluke pamene fomuyo ikukambidwa. Oyeza mafomu aziona manambala m'malo mwa maina, ndipo nkhani za matenda ndi ndalama za ofunsira zisatuluke mu ofesi.

Aliyense wokanidwa alandire kalata yotchula chifukwa chenicheni, lamulo limene lagwiritsidwa ntchito, ndi masiku amene ali nawo ochitira apilo kwa anthu ena osati amene anamukana. Pokonzanso mndandanda wa odikira chaka ndi chaka, musafufute dzina chifukwa chakuti kalata imodzi sinayankhidwe, pakuti anthu osowa pokhala ndiwo amasamukasamuka ndi kusintha manambala a foni. Yesani njira ziwiri kapena zitatu zowapezera, ndipo mulembe tsiku limene mwayesa iliyonse. Kugawa kukatha, yerekezani amene anafunsira ndi amene alandira, poona amayi, olumala, okalamba ndi opeza ndalama zochepetsetsa. Mukapeza kuti gulu lina linafunsira mochuluka koma lalandira zochepa, fufuzani sitepe imene anthu ake anagwera, kaya ndi pa umboni wa ndalama kapena pa masiku obweretsera zikalata, ndipo mukonze lamulo limenelo musanatsegule ulendo wotsatira.